Chinkhoma cha pa Chongoni

Dzina lake tingoti Jestina. Anali atangomaliza kumene sukulu ya ku mishoni, chaka chija akuluakulu ankangokhalira kukangana za Chitaganya. Anali mtsikana woti mlendo akamupatsa moni, ankayankha akuyang'ana zala za kumapazi.

Tsiku limene anakumana ndi Kalisto n'kuti akuthawa. Anali atatola nkhuni m'nkhalango ya boma m'tsinde mwa phiri la Chongoni, ndiye atamva likhweru la mlonda analiyatsa liwiro, mtolo uli pamutu. Anadumpha mwala, nadumpha wina, n'kungotulukira pa dzenje pamene anyamata awiri ankacheka matabwa.

Amene anaima pamwamba pa chipika anasiya sowo n'kuyamba kuseka.

"Taonani, chinkhoma chasenza nkhuni! Kagwape ka m'miyala aka mlonda uja angakagwire?"

"Ndisiyeni ndidutse, achimwene."

"Dutsa. Koma dzina lokha usiye pano, ndikusungire."

Jestina sanasiye dzina. Koma Loweruka linalo zinangochitika kuti nkhuni zouma bwino zinali cha kudzenje komweko. Nanga mlandu unali wake?

"Chinkhoma changa," ankatero Kalisto, "mnzangayu akudandaula kuti ndikumuthira utuchi m'maso. Ndamuuza kuti akakusumire iweyo. Maso anga sakhalanso pa thabwa, amakhala kunjira."

"Mumanama inu."

"Ndikanama, sowo iyi indidule chala."

Mvula itatha, anamupatsa chikole: mpango wachikasu wa mzere wofiira m'mbali.

"Mpango uwu udzasuluka, udzang'ambika, koma ine ndidzakhala ndikadali wako."

Jestina anaubisa pachifuwa. Atamufunsa za kwawo, Kalisto analoza phiri ndi mlomo.

"Kuseri uko, cha ku Linthipe. N'kutali, chinkhoma. Amuna enieni amagona panjira."

Koma atsibweni a Jestina, a Alufeo, sanafune n'kumva komwe za ukwati.

"Munthu wa m'dzenje? Mudzi wake uti? Mfunda wake ndani? Mkamwini timamupatsa munda ndi malo omanga nyumba. Ndipereke zimenezo kwa munthu amene ndangomuona utuchi wokha?"

Kalisto atamva, anayamba kutokosa pansi ndi kamtengo.

"Ndiye ndikhaliranji kuno? Ndalembetsa za ku Joni. Lachisanu likubwerali lole inyamuka pa Linthipe dzuwa likapendeka."

"Nanga atavomera?"

"Akavomera ndisanachoke, ndidzatsika, ngakhale phazi limodzi litakwera kale. Ndikulumbira, mtima wanga."

Mawa lake ananyamula sowo yake n'kupita kwawo kukatsanzika.

Jestina analeka kudya. Sankalira poyera, ankangopita kudambo n'kukabwera maso ali psuu. Mayi ake ndiwo anakagwada kwa mlongo wawo, kawirikawiri. Lachisanu lija m'mawa, a Alufeo akutsekula khola la mbuzi, anaitana Jestina osamuyang'ana.

"Ukutha ngati sopo, mwanawe. Kamuuze abwere ndi ankhoswe ake, tiwaone nkhope."

Jestina anayang'ana kum'mawa. Dzuwa linali litangosuzumira. Msewu wa galimoto unali wozungulira kudzera ku boma, ndipo basi sinkadutsa tsiku limenelo. Panatsala phiri.

"Wapenga iwe?" anatero mayi ake. "Chongoni n'chulu?"

Koma anamumangira mbatata yootcha m'nsonga ya nsalu.

Unali mwezi wa Julayi. Mame anali ngati singano kumapazi. Anathamanga kudutsa minda ya mapesi, kudutsa dzenje lija limene tsopano linali zii, nalowa m'mitengo ya masuku. Njira itayamba kuima, ankakwera ndi manja omwe, akugwira mizu. Tsekera anamucheka m'mikono. Anyani anamukuwa ali pathanthwe, iye osatembenuka. Anadutsa pakhomo pa phanga la zojambula zoyera limene aphunzitsi ankawaletsa kulowamo, ndipo kwa nthawi yoyamba sanaliope.

Pamwamba panali nkhungu yoti sungaone dzanja lako. Mphepo inkamukankha ngati munthu. M'nthiti munkabaya, m'kamwa munkamveka dzimbiri. Anataya njira, n'kuipeza, n'kuitayanso. Kodi chikondi chimadziwa kumpoto?

Nkhungu itang'ambika, anaona dziko lonse lili pansi pake, ndi msewu wa ku Lilongwe uli ngati ulusi. Koma dzuwa linali litafika kale paliwombo.

Kutsika ndiye kunali koipa. Timiyala tinkathawa pansi pa mapazi. Anagwa n'kukhuluzika, ndipo podzuka anapeza mwala wam'ng'amba chidendene chakumanzere. Magazi sankaleka. Anapisa dzanja pachifuwa, natulutsa mpango uja.

"Mundikhululukire, a Kalisto. Ndidzauchapa."

Anamanga, napitiriza akutsimphina.

M'munsi anakumana ndi bambo wina akupachika mng'oma wa njuchi.

"Kwagwanji, mwanawe? Maliro?"

"Ayi, bambo. Ukwati."

"Ukwati wake wothamangira chonchi? Tsata mtsinjewu, usausiye."

Pamene ankatulukira pa Linthipe, mithunzi inali itatalika. Koma lole inalipo! Inaima pansi pa mabulugamu, amuna akuponyamo timasutikesi, akazi ataima pambali manja ali m'masaya. Jestina anafuna kuitana, koma mpweya unali utamuthera. Anangokhala pansi patsinde pa mtengo.

"Kalanga ine, taonani phazi la mwanayu."

Anali mayi wachitsikana, wa maso achifundo, mwana ali kumbuyo. Anagwada n'kuika phazi la Jestina pamwendo pake osanyansidwa.

"Ine ndine Bernadetta. Mwachokera kuti, achemwali?"

"Kuseri kwa Chongoni."

"Lero lomwe? Ndi miyendo iyi? Ndiye amene mukumuthamangirayo ndi wamwayi. Amuna anga amacheka matabwa konko, koma kubwera kuno amati phiri n'lalitali." Anaseka pang'ono, natembenuka. "Bambo a Rafaelo! Tabweretsani madzi aja, titsuke bala la mwanayu."

Munthu anachoka pa gulu la amuna atanyamula chikho. Jestina anayamba waona mapazi, kenako manja. Anali manja amene ankawadziwa, a zipsera za sowo.

Madzi anatayikira pansi.

"Mwatani inu?" anatero Bernadetta. "Simunaonepo magazi? Gwirani mwanayu, ndikatunge ena."

Anamasula mwana, namupereka kwa Kalisto, n'kupita. Mwanayo anali ndi mphumi ya bambo ake, ngakhale kakhutu kopindika komwe.

Kalisto ananjuta, nayankhula motsitsa.

"Chinkhoma changa, tamvera..."

"Musanditchule choncho. Mwana akumva."

"Wabwera bwanji?"

"Ndadzera paphiri."

"Tsiku limodzi? Ine sindinkaganiza kuti..."

Apo m'pamene Jestina anamvetsa. Lumbiro lija silinali lolemera kwa Kalisto. Analumbira atatsamira phiri, podziwa kuti palibe mtsikana angalidumphe dzuwa lisanapendeke.

"Atsibweni avomera," anatero Jestina. "Akuti mubwere ndi ankhoswe anu, awaone nkhope. Uthenga ndi umenewo. Ndafikitsa."

"Ukwati uwu anandikakamiza, Jestina. Mtima wanga uli kwa iwe. Ndikakabwera ku Joni..."

"Chala chanu chikadalipo?"

Kalisto anayang'ana dzanja lake.

Bernadetta anabwera ndi madzi. Anamasula mpango uja pang'onopang'ono, poti unali utakanirira pabala. Sunkaonekanso chikasu.

"Uwu ndiye watha ntchito," anatero. "Ndiutaye?"

"Tayani."

Anang'amba m'mphepete mwa nsalu yake yomwe, namanga bala bwinobwino. Lole inaliza hutala. Kalisto anabweza mwana, nakwera, phazi loyamba, kenako lachiwiri. Sanacheuke. Bernadetta anagwira kadzanja ka Rafaelo n'kumakabayibitsa, misozi ili chuchuchu, mpaka fumbi linatha.

Kenako anakumbukira mlendo wake.

"Pepani achemwali, ndatanganidwa ndi zanga. Nanga uja mumamuthamangira, mwamuona?"

Jestina anayang'ana nsalu imene inali kuphazi kwake. Anayang'ana mwana. Akanati chiyani kwa munthu amene wamutsuka bala?

"Ayi, mayi. Ndachedwa. Munthuyo anapita kalekale."

"Musalire. Amabwerera amenewa. Tiyeni mukagone kwathu, tizidikira tonse."

Jestina anathokoza, koma anakagona kwa agogo ena ogulitsa masamba. M'mawa anayang'ana Chongoni, ndipo phiri lija linali litakula. Pobwerera anagona panjira, ngati amuna enieni aja.

A Alufeo anamuona akutulukira yekha, akutsimphina. Anali atasesetsa kale pabwalo poyembekeza alendo. Anangopinda mphasa n'kukailowetsa m'nyumba.

Chipsera chija chikadalipo pa chidendene chakumanzere. Mphepo ya Julayi ikayamba, chimayabwa.