Wotsekera Ng'ombe Zakufa

Mtembo wa Orrin Tvedt unapezeka Lachinayi m'mawa, mkati mwa chipata cha msipu wa Wendell Kubik, mutu utaphwanyidwa ndi chitsulo. Anauona ndi dalaivala wokokolola chipale chofewa pamsewu. Orrin ndiye ankawerenga ng'ombe zomwe zinafa ndi chimphepo cha chipale chofewa mwezi watha, kuti boma lipereke chipukuta misozi kwa alimi.

Verna Hlavka, wapolisi wofufuza milandu, anakalambira pantchitoyi ndipo maondo ake sankagwirizana ndi chisanu. Anamasula waya wa chipatacho movutikira, nayang'ana mtembo, kenako n'kukatenga Wendell. Dera lonse linkadziwa kuti awiriwa anatukwanizana kugolosale, chifukwa Orrin anakana kuwerenga ana a ng'ombe za Wendell omwe anali okwiririkabe m'chipalemo.

Zinamuwawa Verna. Wendell, batchala wa imvi, ankakwatira Loweruka la mlungu womwewo, ndipo Ardis, mkwati wake, anali ataphika kale mabanzi a jamu tebulo lonse.

"Achimwene, munam'menya?" Verna anafunsa kupolisi.

"Ndi pakamwa pokha," anayankha Wendell. "Kumsipu kumeneko sindinapondeko chifere ng'ombe zanga. Ndikatani?"

"Nanga chipata munatsekeranji?"

"Chotseka? Ine ndinachisiya chotsegula. Nditsekere mphepo?"

Verna anamwetulira. Kwathu kuno chipata umachisiya monga wachipezera, ngakhale ana amadziwa. Ndipo munthu wothawa mtembo sangataye nthawi kulimbana ndi waya wouma, pokhapokha pali chomwe sakufuna kuti chituluke.

Anabwererako ndi pikapu yake, n'kupitirira mpaka kuseri kwa chitunda. M'chigwamo munali ng'ombe zonenepa bwino, zikubzikula, nthunzi ikutuluka m'mphuno. Mwezi wathunthu akuona zakufa zokhazokha, mayi wamkuluyu anasangalala ngati mwana, mpaka kuzipatsa moni. Pantchafu zinali ndi chizindikiro chootcha cha Merle Dostal, neba wa Wendell, yemwe analira pamsonkhano wa alimi kuti zake zatha zonse.

Anam'peza Merleyo kuholo ya tchalitchi, akuyala mipando ya ukwati.

"A Merle, ndakumana nawo malemu anu aja. Akudya bwino, akuti moni."

Merle anakhala pampando womwe ananyamulawo.

"Ndinazibisa kumsipu wa Wendell poti kunali kopanda kanthu," anatero chapansipansi. "Ndinkafuna za boma zibwere, ng'ombe nazo zitsale. Orrin anazimva zikulira ali pamsewu, n'kutsegula chipata. Anandipeza ndikuswa madzi oundana kuti ng'ombe zimwe, chitsulo chili m'manja. Anati akandinenera, famu ipita."

"Mukanachisiya chotsegula monga anachisiyira mwini wake, mlanduwu ukanagwera Wendell."

"Zikanatulukira kumsewu, Verna. Malole akanazigunda. Ng'ombe zanga zimenezo."

Verna anamuveka unyolo mopanda ukali, koma chisoni chake chinali kwa Orrin, yemwe anafera kugwira ntchito moona mtima.

Masana omwewo Verna anatsegula chitokosi cha Wendell. Ardis anali kale pakhomo, suti ya mkwati paphewa, akuseka uku misozi ikutsika.

"Tuluka, nkhalamba iwe. Imvi zonsezi zamera ndikukudikira, ndiye uzikagona kwa Verna?"

Wendell anatuluka chipewa m'manja.

"Ukwati ulipobe, Ardis?"

"Mipando yatsala theka, woyala amumanga. Thamanga ukamalize."