Ndaipukusa, Kamuvi Kanga

Anakumana pa kabenchi kokonzera mawotchi, pansi pa masitepe a sitolo ya nsapato. Mtsikanayo anatengera ntchitoyi kwa malemu bambo ake, ndipo anthu ankangomutcha Namawotchi. Mnyamatayo anali kalaliki wa mu ofesi ya pamwamba, munthu wa pakamwa pothira shuga.

"Ine za mafonizi sizindisangalatsa," anatero kalalikiyo, akusisita mikanda yowerengera masamu yomwe bambo aja anasiya pakhoma. "Zinthu zakale zinali ndi ulemu. Ngati inuyo, chemwali."

"Ndiye kuti ndine wakale?"

"Ayi, ndinu wosowa."

Namawotchi anaseka, osadziwa kuti waponda kale msampha.

Chikondi chitafika pa mponda chimera, mtsikanayo anavula wotchi ya bambo ake n'kumuveka mnyamata uja.

"Bambo anaimanga okha, kachitsulo kamodzikamodzi," anatero. "Pa zonse anasiya, ndi yokhayi imene ikuyendabe. Silira batire, imafuna kuipukusa m'mawa uliwonse. Ukaiiwala imaima."

"Tsiku ndidzaiiwale ndiye kuti ndaiwala iwe, Kamuvi kanga. Ndidzaivala mpaka pa ukwati wathu." Ankamutcha choncho potengera kamuvi ka wotchi.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse foni ya Namawotchi inkalira: "Ndaipukusa, Kamuvi kanga. Ikugunda ngati mtima wanga." Ndani sakanakhulupirira? Kalaliki anasamutsidwira ku ofesi ina, kubwera kunayamba kuchepa, akuti ntchito yamufika m'khosi. Koma uthengawo sunaphonyepo, ndipo mtsikanayo ankaumvera kukoma ngati mwana wopatsidwa siwiti.

M'mawa wina panafika dona wa zikhadabo zazitali, n'kuponya wotchi pabenchi.

"Asisi, tandiboolerani lambayu, akundikulira. Wandipatsa amene akundikwatira. Akuti inali ya malemu bambo ake."

Namawotchi anaizindikira ndi kamng'alu ka pagalasi. Koma china chinamuopsa koposa: muvi wa masekondi unkadumphadumpha, pomwe wa bambo ake unkayenda mosalala.

Anaitsegula kumbuyo. Munalibe kagudumu ngakhale kamodzi ka bambo ake. Munali kapulasitiki koyera ndi batire.

"Zitsulo za mkatimu zili kuti?" anafunsa.

"Zakalezo? Anazichotsetsa chaka chatha, zinatayidwa. Akuti zopukusapukusa ndi za agogo, zinkamutopetsa." Donayo anaseka. "Ndi munthu wamakono ameneyo, asisi. Ndikanapanda kuikonda ineyo, bwenzi ataitaya yonse."

Chaka chatha! Ndiye m'mawa uliwonse uja ankapukusa chiyani? Namawotchi anafuna kulira, koma misozi inakana. Mwamunayo akanangomusiya, akanapirira. Chinamuwawa n'choti bambo ake anamwalira kachiwiri, iye ali kalikiliki kumwetulira pafoni.

"Fulumirani, asisi, akundidikira panjapo," anatero donayo, akuloza ndi chikhadabo.

Namawotchi anasuzumira. Tsidya la msewu kalaliki anatsamira galimoto, atafulatira sitoloyo. Sankadziwa kuti dona wakeyo, pofunsira wokonza mawotchi, anthu anamulozera pansi pa masitepe. Anali ataweramira pafoni, zala zili pa liwiro.

Foni ya pabenchi inalira.

"Yankhani, mwina ndi alamu athu," donayo anamuseka.

Namawotchi anaitembenuza n'kuwerenga, wotchi yopanda kanthu ija ili m'dzanja linalo.

"Ndaipukusa, Kamuvi kanga. Ikugunda ngati mtima wanga."