Maapozi m'Zitini za Bohdana

Madzulo a Lachisanu, banja la a Lubor Kadlec linali pa tebulo la m'khitchini, likumwa supu ya adyo ndi buledi wakuda. Kunja chipale chofewa chinkawaza pang'onopang'ono. Mawa lake linali tsiku la msika wa Khirisimasi m'mudzi wawo wa Lhota, tsiku limene basi za alendo ochokera kutali zimaima pabwalo la tchalitchi, banja lililonse n'kuyala chakudya chake kuti alendowo alawe.

"Ine vinyo wanga ndathira kale sinamoni ndi makoko a lalanje," anatero a Lubor akupukuta mbale ndi buledi. "Wangotsala kumuteleka pamoto. Nanga zitumbuwa za mbatata zili pati?"

"Mbatata ndipala m'mawa. Ndikapala lero igona itada," anayankha a Květa, mkazi amene a Lubor anamukwatira chaka chomwecho. Kenaka anatembenukira kwa mwana wa a Lubor, Bohdana, amene ankamuitana mwachikondi kuti Bohdanka, mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi amene ankangotakasa supu osamwa. "Bohdanka, zitini zako zija sindikuzionanso m'chipinda chozizira. Unazisuntha?"

"Zili pabwino," anatero Bohdana osadzutsa mutu.

"Pabwino pake ndi pati?"

"Pamene sipafika manja a anthu."

A Lubor anaika supuni pansi.

M'zitinizo munali maperniki, timabisiketi ta uchi ndi zonunkhiritsa timene amatidula ngati mitima, nyenyezi ndi tiakavalo, n'kutilemba maluwa ndi shuga woyera. Malemu a Jarmila, amayi ake a Bohdana, ndiwo ankadziwika nawo m'dera lonselo. Alendo ena ankatsika basi akufunsa kale kuti tebulo la a Jarmila lili kuti. Chaka chathacho, maliro ali aposachedwa, patebulopo panalibe munthu. Chaka chino Bohdana anati aphika yekha. Anakanda ufa yekha, anayang'anira uvuni yekha, ndipo a Květa atati agwireko thireyi, iye anawauza kuti asavutike.

Maperniki amachoka mu uvuni ali gwa, ndipo Bohdana ankadziwa zimenezo. Amayi ake ankawatsekera m'zitini kwa milungu ingapo, n'kuletsa aliyense kulawa mpaka tsiku la msika. Pofika tsikulo ankakhala atafewa okha. Umu ndi mmene iye ankakumbukirira.

Koma tsiku lina m'mbuyomo, akuchokera kusukulu, anaona a Květa ataima pageti la mayi Hrubešová, akunong'onezana. Mayi Hrubešová anali neba wawo, mayi wa pakamwa pakuthwa amene chaka ndi chaka ankapikisana ndi a Jarmila pamsika. Atamuona Bohdana, amayi awiriwo anasiya kulankhula, a Květa n'kubisa kathumba kumbuyo. Patapita masiku ochepa Bohdana anatsegula chitini chimodzi kuti angosuzumira. Pamwamba pa maperniki ake panali zidutswa za apozi, zofiirira, zonyala, zooneka ngati zayamba kuwola. Anatsegula zitini zonse, ndipo monsemo zinalimo. Anazitaya kunkhuti, anamata zivundikiro ndi tepi, n'kunyamula zitinizo kupita nazo kuchipinda kwake, kunsi kwa bedi, pafupi ndi paipi yotenthetsa m'nyumba.

"Ndine ndinaika maapozi aja," anatero a Květa modekha, onse adakali patebulo paja. "Ndimafuna ndikuuze, koma nthawi zonse ndikayamba za maperniki umatuluka. Apozi amapereka chinyontho. Popanda iye safewa bwino, makamaka ukawasunga pouma."

"Amayi sankaika zowola m'chakudya."

"Sizinali zowola. Ndinkati ndizisintha pakapita masiku awiri."

"Anakuphunzitsani ndani? Mayi Hrubešová?" Bohdana anawayang'ana m'maso kwa nthawi yoyamba madzulo amenewo. "Ndinakuonani pageti paja."

A Květa anatsegula pakamwa, koma a Lubor anawadula.

"Bohdana, ulankhule ngati mwana wa m'nyumba muno."

"Ndiye munene inu, ababa. Amayi ankaika maapozi?"

A Lubor anakanda chibwano kwa kanthawi. "Mwanawe, ine ntchito yanga inali kudya basi. Zam'zitini sindinkaziona."

Bohdana anaimirira, anaika mbale yake m'sinki, n'kukwera kuchipinda. Anagwada, anapapasa tepi pa chitini chilichonse. Palibe chimene chinakhudzidwa.

M'mawa kutacha anapeza a Květa akulongedza m'dengu. Kupatula mbatata, mafuta ndi chiwaya, anaikamonso mphika waukulu, mabotolo a mkaka, paketi ya ufa wa phala la tirigu, batala ndi timbale tambiri.

"Nanga phalalo ndi la chiyani? Simunati muphika zitumbuwa?"

"Kukuzizira. Mwina ana a alendo angafune chotentha," anayankha a Květa akumanga dengu.

Bohdana sanafunsenso, koma mumtima anati wazindikira. Mayiyu ankafuna kudzaza tebulo ndi zake, kuti anthu aziti tebulo la a Květa, dzina la a Jarmila liiwalike. Zitini anazinyamula yekha, anakana kuziika pangolo ya bambo ake.

Pabwalo la tchalitchi panali pakununkhira kale masoseji owotcha ndi kabichi wowawasa. A Lubor anateleka vinyo wawo, a Květa anayamba kukazinga. Tebulo loyandikana nalo linali la mayi Hrubešová, atayala mabanzi awo ozungulira okhala ndi jamu wa maula pakati. Bohdana anawapatsa moni wa pakamwa pokha. Anadula tepi ndi mpeni, anayala nsalu yoyera ya amayi ake, n'kundandalika maperniki mizeremizere. Ankaoneka bwino kwambiri moti ngakhale a Lubor anaima n'kuwayang'ana nthawi yaitali, kenaka anatembenuka n'kuyamba kusonkhezera moto umene unali ukuyaka kale bwinobwino.

Basi yoyamba inabweretsa alendo ochokera ku Korea. Mnyamata wowatsogolera, atanyamula kambendera, anawafikitsa molunjika patebulo la Bohdana.

"Pano ndi pamene ndinakuuzani paja," anatero, n'kubwereza m'chinenero chawo. Anamutsinzinira Bohdana diso. "Ndawatamanda njira yonse kuchokera mumzinda wa Praha. Usandichititse manyazi, chemwali."

Bohdana anatambasula mbale yolawitsa. Bambo wina wachikulire wa chipewa cha ubweya anawerama mwaulemu, anasankha kakavalo, anakayang'ana uku ndi uku akumwetulira, n'kukaika pakamwa. Panamveka kuti khwa, koma kakavaloko sikanathyoke. Bamboyo anayesanso ndi mano a m'mbali. Kenaka anakachotsa, anakakulunga bwinobwino m'kansalu kake, anakaika m'thumba, n'kuweramanso. Mayi amene anali naye anabweza mwakachetechete nyenyezi imene anali atatola. Kamwana kena kanayamba kugogoda tebulo ndi mtima wa perniki, anzake n'kumaseka.

Bohdana anatola kamodzi n'kuluma. Kanali ngati phale. Maso ake anathamangira kwa a Květa, koma anakumbukira kuti tepi ija anaidula yekha m'mawa womwewo, ndipo panalibe wina amene anatsegulapo zitinizo.

"Mwana wa Jarmila iwe," anaitana mayi Hrubešová akupukuta manja pa epuloni. "Tandipatsa kamodzi." Anakatola okha, anakagogoda pa mphete yawo. "Awa ndi odya kapena ofolera denga? Lubor, ukamakonza khola la akalulu usagule misomali, mwana wako wakupangira zokhomera."

"Musiyeni mwana, mayi," anatero a Lubor chapansipansi.

"Ndimusiye bwanji? Ndikufunsa maapozi anga. Ndinapereka owawasa enieni, a mumtengo wa kuseri uja. Anapita kuti?"

"Maapozi anu?" anafunsa Bohdana.

"Nanga a ndani? Mayi ako chaka chilichonse ankabwera kudzatenga kwa ine. Wanu mtengo uja ndi wa maapozi otsekemera, amavunda msanga. Ankaika iwe uli kusukulu, n'kuchotsa kusanache tsiku la msika, kuopa kuti ungamatsegule zitini. Tinkakangana pamsika pano, inde, koma apozi sindinamumanepo." Analoza a Květa ndi chibwano. "Ndiye uyu anabwera kwa ine ngati mwana wasukulu. Akuti, ndiuzeni mmene Jarmila ankachitira, ndisasinthe kanthu, mwana akufuna zikome ngati za amayi ake. Mpaka anandifunsa kukula kwa zidutswa. Ine ndinati mayi iwe, ndi apozi chabe, si opaleshoni."

Bohdana anamva kutentha kumaso ngakhale kunali chisanu. Alendo anali atayamba kusunthira kutebulo lina, ndipo mnyamata wa kambendera ankayang'ana pansi. Bohdana anagwira ngodya ya nsalu ya amayi ake, akufuna kukulunga zonse n'kuthawira kunyumba.

"Bohdanka," anatero a Květa pambali pake. Sanamuyang'ane kumaso. Anali atachotsa kale chiwaya pamoto, ndipo mumphika waukulu uja mkaka unali ukuyamba kuchita thovu. "Tenga chopalira mbatatacho, uchitsuke. Perniki wouma ndiye wabwino pa phala. Sankha amene maluwa ake sanakome kwenikweni, upale m'mbale iyi."

Bohdana anatsuka chopaliracho n'kuyamba kupala. Fungo la uchi ndi sinamoni linakwera nthawi yomweyo. A Květa ankapakula phala m'timbale, n'kuika kabatala pakati, ndipo Bohdana ankawaza ufa wofiirirawo pamwamba mpaka batala wosungunukayo atada. Kamwana kaja kanali koyamba kubwerera. Kenaka anabwera bambo wa chipewa cha ubweya. Analawa supuni imodzi, anatseka maso, n'kulankhula mawu angapo.

"Akuti ndani wapanga zofiirirazi?" anamasulira mnyamata uja.

"Ndi uyu," anayankha a Květa. "Maphikidwe ake ndi a amayi ake, a Jarmila Kadlecová. Muwauze dzinalo."

Mnyamatayo anawauza, ndipo bambo aja analibwereza movutikira kawiri konse mpaka analitchula bwino.

Phala linatha basi yachiwiri isananyamuke. Zitumbuwa za a Květa sizinakazingidwenso, mbatata yopalapala inangodera m'beseni. Alendo ena anagula maperniki angapo kuti akakongoletse m'nyumba, koma ambiri anabwerera m'zitini. Mayi wina wa m'tauni yapafupi, amene ankabwera chaka chilichonse, anagwira kamtima kamodzi, anakafinya ndi chala, anati, "Chaka chamawa, mwanangu," n'kupita osagula. Mawu amenewo anamupweteka Bohdana kuposa chipongwe cha mayi Hrubešová.

Pobwerera kunyumba zitini zinakwera pangolo ya a Lubor. A Lubor anapita kukabweza matabwa a tebulo lawo kutchalitchi, a Květa anayamba kutsuka mphika wa phala umene unali utapserera pansi.

Bohdana anakhala kuchipinda kwake kanthawi. Kenaka anavala jekete, anatuluka, ndipo a Květa anamuona pawindo akugogoda pageti la neba. Anabwerako ndi kathumba. Anaika chitini chimodzi patebulo, anatulutsa apozi wobiriwira ndi mpeni, n'kuima osadziwa poyambira.

"Mayi Hrubešová akuti maperniki akhoza kufewabe Khirisimasi isanafike," anatero. "Akutinso ndisawavutitse ndi mafunso, ndikafunse kwathu."

A Květa anapukuta manja, anakoka mpando n'kukhala pafupi naye.

"Dula pakati kaye. Njerezo uchotse."

Bohdana anadula, n'kuonetsa chidutswa choyamba.

"Chakula?"

"Pang'ono. Chepetsako, ndipo uyale kapepala pansi pake kuti chisakhudze maluwa ako."

Bohdana anadulanso, ndipo a Květa anamusunthira chitini chija pafupi.