Dzira la mu Ekizozi ya Maame Afrakoma

Dzuwa likulowa, Takyi anali kutsuka masipanala m'beseni la dizilo, chonsecho tsiku lonse sanamasule nawo ngakhale bawuti imodzi. Kutsidya kwa msewu magalimoto atatu anali pamzere kudikira Adutwum, mwana wa mlongo wake weniweni, amene anabwerako ku Kumasi ndi ndevu, mkazi, ndi kabokosi kolankhula ndi injini.

Zaka makumi awiri mudzi wa Domeabra unkadziwa makaniko mmodzi. Takyi ankangotsamiritsa khutu pa boneti n'kutchula nthenda. Lero anthu omwewo ankangoti, "Wofa Takyi, mwaswera?" n'kuwolokera kwa mphwake. M'chinenero cha kumeneko, "Wofa" ndiye kuti malume.

"Mukuchiyang'aniranji choncho? Ndi magazi anu amene aja," anatero mkazi wake Pokuaa uku akusinja chinangwa chophika cha fufu, nsima ya kumeneko. "Mukadzafa zitsulo zanuzi adzatenga ndi iyeyo, si mwambo?"

"Ndani wakuuza kuti ndiyamba ndine?"

Mawa lake Takyi anapita kuseri kwa minda ya koko, kwa sing'anga wa diso limodzi. Anabwerako ndi dzira la nkhuku yakuda, lokulunga m'nsanza yofiira. "Lilibe maso, silidziwa dzina," anamuchenjeza sing'angayo. "Limangodziwa dzanja lotsegula pamene mwalibisa."

Mwayi unabwera wokha. Takisi ya Maame Afrakoma, yonyamula nthochi kumsika ndi odwala kuchipatala, inathothoka ekizozi, ndipo pa kuwotcherera zitsulo panalibe wofanana ndi Takyi. Mayiyo atapita kukagula nsomba, iye anadula chibokosi chosefa utsi chimene amakaniko amachitcha kata. Anachotsamo chisa chake chonga cha njuchi, n'kuikamo dzira. Chibokosicho chikafa, takisiyo ipita kwa yani, ngati si kwa Adutwum? Adzatsegule ndani? Anatsekanso. Anafuna kuwotcherera mwachisawawa, koma manja anakana. Msoko unatuluka wosalala, wogundizana ngati mamba a nsomba.

Pasanathe sabata kanyali kachikasu kochenjeza za vuto kanayaka kutsogolo kwa dalaivala. Kenako fungo. Paliponse pamene takisi yaima pankatsala fungo la dzira lovunda, lokakamira m'zovala mpaka m'chakudya. Nkhuku zojompha pansi pake zinkagwa chagada. Mbuzi ya mpingo inagona pamthunzi wake, osadzukanso. Lachisanu Opanin Gyasi, nkhalamba yokonda mpando wakumbuyo, anafika kumsika ali chikhalire, maso ali tong'o, atazizira kale.

Choopsa chinali kugogoda. Injini ili chete, kiyi ali m'thumba, pansi pa galimoto pankamveka ko, ko, ko, ngati mwanapiye akufuna kutuluka.

"Mwamva?" anthu ankanong'onezana.

"Musaloze, mayi!"

"Akuti n'kabokosi ka Adutwum. Kamadya anthu kuti kazilankhula."

Takyi ankangopukusa mutu mwachisoni. "Ine sindinanenepo kanthu. Ndi mwana wanga." Koma usiku umenewo anadya fufu mbale ziwiri.

Loweruka m'mawa Maame Afrakoma anakankhira takisi kwa Adutwum, mudzi wonse uli pambuyo. "Iwe wa ndevu, ichiritse pamaso pa anthu, apo ayi usamuke ndi kabokosi kako!"

Takyi anakhala pa tayala lakutha kutsidya, mtima ukuvina.

Adutwum analumikiza kabokosi. "Kakuti kata sakusefa utsi. Koma tisathamangire kudula, mwina ndi timphuno tonunkhiza utsi." Anayesa kakutsogolo, kabwino. Kakumbuyo, kabwino. Anafufuza ngati paipi yabooka, ayi ndithu. Analiza injini mpaka boneti kutentha, n'kukwawira pansi. Anatuluka nkhope itagwa.

"Fungo la dzira ndimalidziwa, kata akamafa amanunkha choncho. Koma apa ayenera kutentha kosagwirika. Uyu wazizira ngati mtembo."

Anthu anabwerera m'mbuyo. Adutwum anatenga sowo, nalowanso pansi. Takyi anaimirira kuti aone bwino. Sowo sinalire. Mphwakeyo anatulukanso, akupukuta manja, n'kuwoloka msewu. Anavula chipewa.

"Wofa, msoko uli apowo ndi wanu. Mamba a nsomba aja, dziko lino palibenso wina. Munandiphunzitsa nokha kuti msoko wa mbuye wako sudula mwini wake ali moyo. Sowo nayi."

Pansi pa takisi: ko, ko, ko.

"Msana ukundivuta," anatero Takyi.

"Dzulo munanyamula giyabokosi nokha," anayankha Pokuaa, ndipo wina anaseka.

"Wofa Takyi, mukuopa chiyani?" anafunsa Maame Afrakoma pang'onopang'ono. "Munaikamo chiyani m'galimoto yanga?"

Akanatha kuulula. Akanagwada pafumbipo, mwina akanangomuthamangitsa m'mudzi. Koma kugwada pamaso pa kamwana kamene anakaphunzitsa kugwira pulayazi? Analanda sowo.

Msoko unali wolimba, ntchito ya katswiri, ndipo unamutengera nthawi. Chitsulo chitatseguka, dzira linagubudukira m'dzanja lake, lathunthu, nsanza yake yosapsa. Linasweka lokha. Munalibe kanthu, mpweya chabe, ndipo onse anaona Takyi akuumeza ngati munthu womwa phala lamoto.

Madzulo ake Adutwum anamanga kata watsopano. Kanyali kanazima, fungo linachoka pa takisi. Linasamukira kunyumba kwa Takyi. Masiku atatu Pokuaa anagona kwa mchemwali wake, chifukwa mwamuna wake akapuma ntchentche zinkagwa, ndipo m'chifuwa mwake munkamveka ko, ko, ko. Tsiku lachinayi kugogoda kunaleka.

Maliro atatha, akuluakulu anagawa chuma monga mwa mwambo. Masipanala, makina owotcherera ndi garaja yonse zinapita kwa mwana wa mlongo wake.