Tsiku limene phiri linaseka Hilda

Rozaria ankafuna kudziwa mawu amodzi. Anali mawu a Chingerezi. Aphunzitsi anawalemba pa bolodi: mockingly.

"Mawa aliyense abwere ndi chiganizo," anatero aphunzitsi.

Rozaria sankawadziwa mawuwo. Mkulu wake Hilda ankawadziwa. Koma Hilda anali wapakamwa.

Masana amayi anawatuma kuphiri kukatola nkhuni.

"Kuphiri saseka mnzake," anatero amayi. "Phiri limamva."

Atsikanawo anakwera. Anakwerabe. Mudzi unatsala pansi.

"Achemwali, mockingly n'chiyani?" anafunsa Rozaria.

Hilda anaima. Anagwira m'chiuno. Anapotoza milomo.

"Sudziwa? Mbuli iwe. Hehede! Ulu!"

Rozaria anawerama. Mtima unamupweteka.

Kenako thanthwe linayankha.

"Ulu... ulu... ulu..."

Mbalame zinaleka kulira. Mphepo inaleka kuomba. Nkhungu inatsika mwakachetechete. Inaphimba mitengo. Inaphimba njira. Inaphimbanso Hilda.

Rozaria sanamuonenso mkulu wake.

"Ndani akundiseka?" anakuwa Hilda.

"Seka... seka..." linatero phiri.

Hilda anathawa akulira. Akakuwa, phiri linkakuwa. Mawu ankachokera uku ndi uku. Hilda sanadziwe kolowera. Ndipo kutsogolo kwake kunali phompho.

Koma Rozaria sanakuwe. Anaitana motsitsa mawu.

"Achemwali, imani. Ndili kuno."

Phiri silinayankhe. Linangoti zii.

"Achemwali, bwerani. Ndili kuno."

Rozaria anadikira. Anamva mapazi. Tswa. Tswa. Tswa.

Dzanja lozizira linatuluka m'nkhungu. Linamugwira pamkono.

Linali dzanja la Hilda.

Anatsika atagwirana. Nkhuni anazisiya komweko.

Amayi anali pakhomo, maso ali kuphiri. Sanafunse za nkhuni. Anawafunditsa chitenje chimodzi onse awiri.

Hilda anatenga kope la Rozaria.

"Mawu aja amatanthauza monyoza," anatero. "Munthu amaseka monyoza. Amayankhula monyoza. Amafuna mnzake achite manyazi."

"Ngati mmene munandisekera muja?"

"Eya. Ndi mmene phiri linandisekeranso ine. Pepa, mng'ono wanga."

Rozaria anatenga pensulo. Analemba pang'onopang'ono: The mountain laughed mockingly.

Zilembo zake zinali zokhotakhota. Hilda anaziwerenga. Sanapotoze milomo. Sanaseke.

"Wakhoza," anatero motsitsa mawu.