Neti ya Agogo

Tsiku limene Gerishomo anatuluka kundende ku Zomba, a Nachuma, agogo ake a mkazi wake Ulemu, sanalulutire. Anamuonera patali akubwera ndi msewu wa ku Likangala, mutu wometedwa mpala.

Anamuchenjeza kangati? "Nyanja ikatsekedwa, matemba ndi a boma. Neti ya udzudzu ndi yogonamo, bambo." Koma ana atagona ndi njala masiku awiri, ndi iwo omwe anamasula neti yawo n'kumupatsira kuseri kwa bafa. Miyezi itatu kundende, chifukwa cha matemba osadzaza n'beseni lomwe! Kukhoti Gerishomo anati netiyo inali yake.

Tsopano bungwe lina linkalemba mabanja odalira nyanja amene ntchito yawathera, kuti azilandira chimanga. Mlembi anali atanena poyera: khomo lokhala munthu amene anamangidwapo chifukwa cha usodzi, ayi.

A Laisoni, malume ake a Ulemu, sanadikire kuti mkamwini amwe madzi.

"Kulemba kutha mawa. Ulemu akanena kuti banja linatha, amulemba ndi ana. Inu akamwini, mabwato opita kwanu ku chilumba cha Chisi alipo."

"Malume, munthu wangofika kumene!" Ulemu, mkazi wa Gerishomo, anagwetsa misozi.

"Ndiye anawa adya kufikako?"

"Tingonama basi," anatero Ulemu. "Ndikanena kuti linatha, iye azikhala momwemo m'nyumba."

"Ayi, mwanangu!" a Nachuma anadzidzimuka. "Anthu a mapepala sanamizidwa. Anansi ali ndi maso. Akakutengera ku Zomba nawenso, ana atsala ndi ndani?"

Mawu atatuluka kale m'pamene anazindikira kuti atseka njira yomaliza. Anayang'ana Gerishomo.

"Laisoni, neti ija..."

"Agogo," Gerishomo anawadula, akupukusa mutu pang'onopang'ono. "Dzina limodzi lakwana. Lanu lisiyeni."

Anasisita mutu wa mwana wamng'ono, n'kunyamula jumbo yomwe anabwera nayo, yosamasula n'komwe. Ulemu anamugwira malaya mpaka batani linaduka, kenaka anathamangira m'nyumba n'kumenyetsa chitseko. Kulira kwake kunamveka mpaka kumunda wa mpunga.

M'mawa mwake a Nachuma anaperekeza mdzukulu wawo pamzere. Mlembi sanadzutse n'komwe mutu.

"Mwamuna?"

"Palibe," anayankha Ulemu.

"Mboni ndani?"

A Nachuma anayang'ana uku ndi uku, ngati pali wina woti awachenjeze iwonso. Panalibe. Anapereka chala chawo chachikulu, mlembi n'kuchiviika mu inki.