Dzina Lofufutika pa Lata

Penti anatuluka m'chipatala mochedwa, mlonda atamukumbutsa kachitatu kuti nthawi yoona odwala inatha kalekale. Maminibasi anali ataweruka. Mwana wake woyamba, wamwamuna, anali atangokwanitsa tsiku limodzi padziko, ndipo aliyense akanayembekezera kumuona bamboyu akuyenda movina. Koma ayi. Ankayenda atazolika, chikwama cha maburashi chikumumenya m'chiuno, nkhope ili ngati ya munthu amene amugwira akuba nkhuku.

Dzina loti Penti analipezera kuntchito, poti anali wolemba zikwangwani. Za pagolosale, za ometa tsitsi, manambala a nyumba, ngakhale za pamanda, zonse ankalemba ndi iyeyo. Dzina la pachiphaso chake linali lodzisankhira yekha atakula, lija loti ukaitana padepoti amacheuka anthu asanu. Koma lenileni, limene anamupatsa malemu bambo ake, linali Terivayo.

Munalimvapo kwina? Ngakhale mwini wakeyo sanalimvepo. Pa mayina zikwizikwi amene anadutsa pansi pa burashi yake, silinabwerepo n'kamodzi komwe. Tsiku lina analifufuza pafoni, foniyo n'kumufunsa ngati sanalakwitse kalembedwe. Kusukulu anzake ankati ndi dzina la mankhwala ophera nkhupakupa, ndipo aphunzitsi akafika pa iye poitana mayina ankayamba atsokomola. Akafunsa kunyumba kuti dzinali linachokera kuti, bambo ake ankangotuluka panja, mayi ake n'kunena kuti adzamuuza akadzakula. Anakula, koma anali atasiya kufunsa. Analikwirira, ndipo ngakhale mkazi wake sankalidziwa.

Madzulo a tsikuli, m'wodi munadzaza abale. Namwino anadutsa n'kunena kuti khadi la mwana alemba m'mawa, bambo abwere ndi dzina. Apo mayi ake a Penti, amene anakhala kumiyendo kwa bedi atafukata fulasiki, analankhula motsitsa mawu.

"Mwanayu um'patse dzina lako lija. Lisathere pa iwe."

"Dzina liti, amayi?" anafunsa mlamu wake, mng'ono wa mkazi wake, mtsikana wosachedwa kuseka.

Mayiwo analitchula bwinobwino, mwaulemu. Mlamu uja anaphulika ndi kuseka. Makutu a Penti anatentha. M'malo mokhala chete, anasankha kuseka nawo, ndipo anaposa onse.

"Musadabwe," anatero. "Tsiku limenelo bambo anali ataledzera. Anamwino atafunsa dzina, iwo anangogeya, anamwinowo n'kulemba zomwe anamvazo!"

Wodi yonse inagwa ndi phwete, mpaka mkazi wake anagwira pamimba kupempha kuti asamuseketse. Chonsecho Penti sanawaonepo bambo ake atagwira botolo la mowa moyo wake wonse. Linali bodza lamkunkhuniza, lonamizira munthu amene sangadziyankhire. Mayi ake sanaseke. Anaika fulasiki m'jumbo, n'kumusisita mwana pachipumi, n'kunena kuti, "Ndapita, mugone bwino." Penti anawaona akutuluka okha, akukoka mwendo wawo wovuta uja. Sanawaperekeze.

Manyazi amenewa ndi amene ankayenda nawo tsopano.

Anadzera njira yachidule, yodutsa pamlatho n'kulambalala manda akale. Magetsi a mumsewu anathera pa nyumba yomaliza. Agalu nawo anasiyira pomwepo kuuwa. Mtsinje unali utauma, poti mvula inali isanagwe kwa miyezi isanu, ndipo pansi pa mlatho pankangooneka mchenga woyera.

Atafika pakati pa mlatho anamva phokoso kumbuyo.

Kwee... kwee... kwee...

Anaima. Nalonso linaima.

Anayenda. Kwee... kwee...

Anacheuka. Munthu wamtali, wowonda, wamsinkhu ngati wake, ankakankha njinga yakalekale. Kumbuyo kwa njingayo kunali mwala wozungulira, uja wonolera mipeni. Penti anausa moyo, mtima n'kutsikako. Wonola mipeni basi! Koma munthuyo atayandikira, Penti anamva kenanso. Tho... tho... tho... Madzi ankadontha kuchokera ku malaya ake. Tsitsi lonyowa. Buluku lomatirira m'miyendo. M'mene wadutsa monse munali chinyezi.

"Ndinu aja olemba zikwangwani?" Mawu ake anali ofatsa, lilime lolemera, la munthu amene chinenerochi anachiphunzira atakula.

"Ndaweruka, akulu. Mubwere mawa."

"Mawa mukhala mukulemba dzina lina."

Munthu uja anamasula kanthu pakaliyala n'kumupatsira. Linali lata laling'ono, lodyeka ndi dzimbiri, lokhomeredwa pakathabwa kofumbwa. Linali lozizira kwambiri.

"Langa linafufutika. Anthu akamadutsa sadziwa kuti ndili pati."

Pakamwa pa mmisiri panayankha pokha, mwachizolowezi. "Tilembepo chiyani?"

"Terivayo."

Tsitsi la Penti linaima.

"Wakutumani ndani? Mlamu wanga? Ngati ndi nthabwala, akulu, zakwana!"

Munthuyo sanaseke. Anangomuyang'ana, osaphethira.

"Kuno tinali nalo anthu awiri okha. Langa ladyedwa ndi dzimbiri. Lanu munataya. Ndiye lili kuti tsopano?"

Munthu uja anapitiriza.

"Kwathu, kutali uko, silosowa. Amam'patsa mwana amene akufuna kuti adzakhale wobwerera kukatenga wotsala m'mbuyo. Tanthauzo lake ndi lomwelo." Anaweramitsa mutu, madzi n'kuyenderera pachibwano. "Mayi anu aja adutsa pano okha. Anatsamira apa mwaimapo, kulira. Ndawaperekeza mpaka pamanda. Kupitirira pamenepo sindifika."

Nthawi yomweyo pansi pa mlatho panamveka mkokomo. Madzi! Madzi ambiri, olusa, ogubuduza miyala ndi zipika! Mlatho unanjenjemera. Penti anagwira chitsulo cha m'mbali n'kusuzumira pansi...

Mchenga. Wouma.

Anatembenuka. Panalibe munthu. Panalibe njinga. Chinyezi chokha pasimenti, ndi lata lija m'manja mwake.

Mayo! Analiyatsa liwiro. Anadutsa manda osayang'ana kumbali, maburashi akugwa m'chikwama, iye osatola. Pamphambano sanakhotere kwake. Miyendo inamutengera kwa mayi ake, kumene anali asanapondeko mwezi wathunthu ngakhale kunali pafupi.

Anagogoda ngati akuthamangitsidwa. Mayiwo anatsegula atanyamula nyali, maso ali otupa. Sanamufunse kuti wadzatani. Anangomuyang'ana, ndipo kuyang'anako kunamupweteka kuposa kukalipiridwa.

"Mayi, ndakumana ndi munthu pamlatho," anatero akupuma mwawefuwefu. "Wonyowa thupi lonse. Ali ndi njinga yonolera mipeni. Akuti... akuti dzina lake ndi langa lija."

Mayiwo anatsitsa nyali. Anaiika patebulo n'kukhala pansi pang'onopang'ono. Maso awo anali pa lata.

"Chimenecho wachitenga kuti?"

"Wandipatsa ndi iyeyo."

Mayiwo anayamba kufotokoza, osamuyang'ana.

"Anali wonola mipeni, wa lendi mnzathu, khomo loyandikana. Anachokera kutali, abale ake sitinawadziwe. Usiku umene matenda ako anandiyamba kunagwa chimvula choopsa, ndipo nthawi imeneyo pamtsinje paja panalibe mlatho. Bambo ako anali ataledzera."

"Mayi, zija ndimangonama ine..."

"Ndikudziwa kuti umanama. Koma bodza lako linaponda pa bala lenileni. Analedzeradi, moti titafika pamtsinje anagwa m'matope n'kugona pomwepo. Mlendo uja ndi amene anandibereka kumsana n'kundiwolotsa, madzi akumulekeza m'chifuwa. Atanditula kutsidya ndinamuuza kuti tiyeni, poti ululu unali utandipanikiza. Iye anati ayi, madzi akukwera, amunanu awatenga. Anabwerera. Anawakoka bambo ako mpaka kuwakankhira pamtunda. Iye asanatuluke, chinabwera chipika."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu.

"Anam'peza patapita masiku atatu. Pamaliro pake tinalipo anthu osakwana khumi. Bambo ako sanalawenso mowa mpaka kufa kwawo. Chikwangwanicho analemba okha ndi penti yopempha, munthu woti kulemba kunkawavuta. Dzinalo anakupatsa iwe kuti lisapite ndi madzi. Koma anandilumbiritsa kuti ndisadzakuuze. Ankaopa kuti mwana wawo adzadziwa kuti munthu anafa chifukwa cha mowa wawo. Manyazi, mwana wanga. Atamwalira ndinayesa kangapo, koma ndikangolitchula iwe unkadzuka n'kumapita."

Penti anakokera nyali pafupi n'kupukuta lata lija ndi chala. Pamwamba, pamene panali dzina, dzimbiri linali litadya zonse. M'munsi munatsala timanambala topindikapindika, tolembedwa ndi dzanja losazolowera burashi. Linali tsiku limene munthuyo anamwalira. Penti sanavutike kuliwerenga, poti ankalilemba pafomu iliyonse moyo wake wonse. Linali tsiku lake lobadwa, zaka makumi atatu ndi ziwiri zapitazo.

Anagwada pansi n'kuika mutu pamaondo a mayi ake. Bambo wa ndevu zake, wa mwana wake, analira ngati kamwana. Anafuna kupepesa koma mawu oti pepani anamuchepera.

Kutacha anapala dzimbiri lonse, n'kulemba dzinalo ndi burashi imodzi yomwe inatsala m'chikwama. Mayi ake anamulondolera pamene anaikidwa mlendo uja, kumapeto kwa manda, pa kamtumbira kophwa pomwe panali kabowo ngati pangozulidwa kumene chinthu. Kathabwa kaja kanalowamo ndendende.

Kuchipatala anafika atawagwira mayi ake padzanja. Mlamu uja analipo, ndi abale ena onse a dzulo. Penti anaima pakati pawo n'kunena kuti zimene ananena dzulo za bambo ake anazinena mwachipongwe, ndipo anawafotokozera nkhani ya wonola mipeni, maso ali pansi. Palibe anaseka. Mkazi wake anayang'ana mwana, n'kuyang'ana apongozi ake, kenako anagwedeza mutu kuvomera.

Namwino anabwera ndi khadi. Penti anatchula dzinalo pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi.

"Zaka zonse ndagwira muno sindinalimvepo," anatero namwinoyo akulemba. "Ndi la ndani limeneli?"

Penti anayang'ana mwana wake.

"Ndi langa," anatero. "Ndine wachiwiri kulitenga. Uyu ndi wachitatu."